Njuchi za M'chipinda cha Bambo

Kaphokoso anatuluka m'chipinda cha agogo ake ali chete, ndipo n'chimene chinaimitsa makina osokera a mayi ake. Mwana wa zaka zisanu ameneyu dzinali sanalitole pansi: ankayankhula podya, posamba, ngakhale ali m'tulo. Tsono pomuona ataima pakhomo, kadzanja kali pakhosi, pakamwa popanda liwu, Telala anadziwiratu kuti zinthu zavuta. Anasiya kolala ya yunifolomu ili pansi pa singano n'kuthamanga.

Kuseri kwa khutu kunali kabala kakang'ono, mbola ya njuchi ikadali pomwepo. Asanamalize n'kuichotsa komwe, milomo ya mwanayo inali itatupa, zikope zikutsekeka, mpweya ukutuluka ndi kaliwu ngati ka likhweru. Mmene anafikira kuchipatala Telala sanadziwe. Anangozindikira ali pabenchi, tepi yoyezera ili m'khosi, patapata ali kuphazi limodzi.

Jakisoni anathandiza. Pofika masana nkhope inayamba kubwerera mwakale, ndipo mwana anafunsa ngati dokotala amagona momwemo m'chipatala. Koma dokotalayo sanaseke. Anauza Telala kuti pali ana ena amene thupi lawo silifuna n'kumva komwe za njuchi, ndipo kuti ulendo wachiwiri umatha kuipa kuposa woyamba.

"Ina ikadzamulumanso, musadzayambe n'kufuna nsapato," anatero. "Mudzangomunyamula."

Amuna ake a Telala anthu ankawatchula kuti a Mpope, chifukwa ntchito yawo inali yoyenda m'nyumba za anthu ndi mpope kumsana, kupha mphemvu, nsikidzi ndi chiswe. Anali munthu wabwino, wokonda mwana wawo, koma pa nkhani ya tizilombo matama anali nawo. Akalowa m'nyumba ya munthu ankayamba n'kusuzumira m'makona asanapereke n'komwe moni. Ndiye nkhaniyi inawabaya pawiri. Mwana wa munthu wopha tizilombo, kulumidwa m'nyumba ya bambo ake momwe!

Kutacha anazungulira nyumba yonse khosi lili chagada. Kuseri, pamwamba pa zenera la chipinda cha apongozi awo, anapeza kabowo pansi pa malata, njuchi zikulowa ndi kutuluka mopanda manyazi. Anatenga makwerero ndi tochi, anakankha kakhomo ka m'siling'i, n'kulowetsa mutu. Anakhala m'mwambamo kanthawi. Potsika anatsika pang'onopang'ono, phazi ndi phazi. Anangomupatsa mkazi wawo tochiyo.

Telala atakwera, kukamwa kunangoti yasa. Malesa a uchi anali lendelende kuchokera ku mitanda ya denga, mizere mizere, ena aatali kuposa mkono wake, onse ali bii ndi njuchi zoyendayenda. Phokoso lake sankalimva m'makutu mokha, linkafika mpaka m'mano. Ndipo zonsezi zinali pamwamba penipeni pa bedi la bambo ake, pamene iye ankawerama m'mawa uliwonse kusintha nsalu zogonera. Kung'ung'udza kuja anali atakumvapo kale, koma ankati ndi furiji.

Bambo akewo anali kalipentala, ndipo siling'i imeneyi anaikhoma okha ndi manja awo nyumba ikumangidwa. Miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo anagwa pamalo awo a ntchito, chopalira matabwa chili m'manja. Anadzuka mbali yonse ya kumanja itafa, mawu atapita. Chibwerere kuchipatala ankangokhala pabedi kuyang'ana khoma, chakudya n'kumachita kuwanyengerera ngati khanda. Koma miyezi iwiri yapitayi anali atasintha. Ankadzuka m'mamawa, ankaloza kuti awakhazike pampando wa pafupi ndi zenera, ndipo kapu ya tiyi inkabwerera kukhitchini itauma. Telala ankayamikira masewera olimbitsa ziwalo amene ankawapititsako Lachinayi lililonse.

Atatsika pamakwerero Telala analowa m'chipindamo kuti awachotse bambo akewo msanga. Anawapeza pampando wawo, katani itakokedwa pang'ono. Kuseri kwa kataniyo, m'munsi mwa zenera, munali mzere wa zitsekerero za mabotolo zisanu ndi chimodzi, chilichonse chili ndi tiyi wozizira wa shuga wambiri, ndipo m'mphepete mwake njuchi zinali zitazungulira zikumwa. Zina zitatu zinkayenda pa dzanja lawo lakufa lija. Nkhalambayo inkaziyang'ana, mbali yamoyo ya nkhope ikumwetulira.

Telala anayang'anitsitsa zitsekererozo. Kani tiyi uja sankamwa iwo.

Asanapeze chonena, a Mpope analowa atavala kale ovolosi, chophimba kumphuno chili pachibwano, mpope uli kumsana. Anagwada pang'ono mwaulemu n'kunena kuti bambo atuluke kaye akapitidwe mphepo pakhonde, pali kantchito kakang'ono. Nkhalamba inayang'ana mpopewo, inayang'ana zitsekerero zake. Khosi linayamba kugwedezeka, milomo ikulimbana yokha.

"Ayi."

Liwulo linatuluka lokhakhala ngati chitseko cha dzimbiri. A Mpope anatembenukira kukhomo kuona ngati walowa munthu wina.

"Zi... si... yeni."

Telala anangozindikira wagwada pansi, wagwira bondo la bambo ake, misozi ili chuchuchu. Miyezi isanu ndi itatu anali atawapempha, kuwanyengerera, kuwaimbira nyimbo, kuwasonyeza zithunzi, osamvako ngakhale dzina lake. Lero ayankhula chifukwa cha njuchi. Anasangalala mpaka mutu kuwawa, ndipo pansi pa chisangalalocho panali kansanje kamene anachita nako manyazi. A Mpope anavula mpope mwakachetechete n'kukausiya panja.

Masana amenewo anayamba kufunafuna njira ina. Mayi wina amene Telala ankamusokera anamupatsa nambala ya bambo woweta njuchi, amene amatha kuzisamutsa zamoyo n'kukaziika mumng'oma. Bamboyo anayankha foni ali kutali. Anati ntchitoyo angaigwire, koma pafunika kuchotsa matabwa a siling'i, ndipo sangafike zisanathe sabata ziwiri. A Mpope anamva izi nkhope ili gwa. Kuitana mwamuna wina kudzathana ndi tizilombo m'nyumba mwawo kunali ngati kuwavula malaya pamsewu. Komabe sanakangane.

"Bambo ndi anu, mwana ndi wathu," anatero. "Mukati tidikire, tidikira. Mukati lero, ndi ntchito ya ola limodzi. Nenani inu."

Telala anati adikire.

Anagwirizananso chinthu china, popanda n'kukhala pansi komwe: kuti bambo asauzidwe zimene ananena dokotala. Iwo anangoona mdzukulu wawo akutuluka atagwira khosi. Kutupa kuja, kubanika kuja, sanakuone. Telala anati kuwauza n'kuwakweza magazi chabe, mwina n'kuwagwetsanso kachiwiri. Anthufe tili ndi khalidwe loipa limeneli. Munthu akangosiya kuyankhula timayamba kumuyankhulira pamwamba pa mutu, kumusankhira chakudya, kumusankhira ndi nkhani zomwe, ngati makutu nawo anafa. Choncho bambo akamaloza kukhomo kufunsa za mdzukulu wawo, ankauzidwa kuti ali ndi chimfine, asawapatsire.

Masiku otsatirawo nyumba inagawika pawiri. Mbali ina mazenera onse anatsekedwa, pansi pa zitseko anatsekapo ndi zigamba za nsalu, ndipo Kaphokoso ankavala malaya a manja aatali dzuwa likuswa mtengo. Pabwalo anamuletsa. Kusukulu ankapita atamuphimba ngati katundu. Kukamusiya kwa azakhali ake kunaganiziridwa, koma kumeneko chipatala chili kutali, ndipo njuchi sizidziwa malire a nyumba za anthu. Telala ankasoka diso limodzi lili pa singano, lina pa mwana. Anasokerera thumba la kabudula mozondoka kawiri tsiku limodzi.

Mbali inayo zinthu zinkayenda bwino moti zinkamuwawa. Lachisanu bambo anati, "Tiyi." Loweruka anati, "Zenera." Lamulungu anagwira supuni okha ndi dzanja lamanzere n'kumaliza mbale yonse. Telala anaimbira mchimwene wake foni kuti amve yekha, ndipo mchimwene wakeyo, mwamuna wa ndevu zake, analira pafoni.

Lachitatu m'mawa, akukonzekeretsa mwana, anatenga nsapato yake ya kusukulu n'kuigogoda pansi monga mwa chizolowezi. Munagwa njuchi. Inali yamoyo, ikukwawa mwaulesi pasimenti, mapiko ali phee. Kaphokoso anali atakhala pampando, phazi lili m'mwamba, sokosi itavalidwa kale, akudikira.

Telala sanakuwe. Anaiphwanya ndi chidendene cha nsapato yomweyo, anaiphwanyanso, mpaka mwana anafunsa kuti nsapato yalakwa chiyani. Tsiku lonse ankalephera kulowetsa ulusi pasingano. Anawerenga masiku otsala: asanu ndi awiri. Anawerenga zitseko, mazenera, timing'alu ta pansi pa malata. Anaganiza za liwu la bambo ake. Kenako anaganiza za likhweru lija la pakhosi pa mwana, ndipo pamenepo kuganiza kunatha.

Lachinayi, atawakweza bambo m'galimoto yopita kuchipatala, anabwerera pang'ono ngati waiwala chikwama. A Mpope anali pakhonde akumanga zingwe za nsapato.

"Lero," anatero Telala, osawayang'ana kumaso.

Kuchipatala anakhala pabenchi kuonerera bambo ake akufinya kampira ka labala. Mtsikana wowachititsa masewerawo anadabwa ndi mphamvu zawo, ndipo anawafunsa moseka kuti masiku ano akudya chiyani. Nkhalamba inakweza chibwano.

"Njuchi," inatero. Inapuma, n'kudziloza pachifuwa. "Zanga."

Mtsikanayo anawomba m'manja n'kuitana anzake kuti adzamve. Telala anatuluka kukaima pakhonde la chipatala mpaka masewera atatha.

A Mpope ntchito yawo ankaidziwa, zimenezo palibe angatsutse. Anapopera m'siling'i monse, anamata kabowo kaja ndi simenti, anasesa njuchi zakufa zodzaza ndowa n'kukazikwirira, anatsuka zenera, anatsegula zitseko kuti fungo lituluke. Anachita monga mmene ankachitira m'nyumba za eni ake zaka zonsezi: kupopera, kumata, kusesa, kutsanzika. Vuto la ntchito imeneyi n'lakuti imathera pageti. Palibe nyumba imene a Mpope anabwererako patapita masiku atatu kukaona zotsala. Malesa aja anawasiya momwemo. Kwa iwo mdani anali njuchi, ndipo njuchi zinali zitafa.

Atawabwezera pampando wawo madzulo, bambo anakweza mutu n'kupendeketsa khutu. M'chipindamo munali bata loti ngakhale Telala analimva ngati chinthu chogwirika. Bambo anamuyang'ana.

"Zasamuka, bambo," anatero akukonza pilo amene anali wokonzakonza kale. "Njuchi zimatero. Zikatopa ndi malo zimapita."

Bambo anatembenukira kuzenera. Kutacha anathira tiyi m'zitsekerero zonse zisanu ndi chimodzi n'kukhala kudikira. Kunabwera nyerere zokha. Tsiku limenelo sanatchule tiyi, sanatchule zenera, ndipo mbale inabwerera kukhitchini itangolawidwa pang'ono. Telala anadziuza kuti zidzawathera, kuti mwana ali moyo, kuti mayi wina aliyense akanachita chimodzimodzi. Zonsezo zinali zoona, koma sizinamuthandize kumeza chakudya.

Kunatentha kwambiri masiku amenewo. Pansi pa malata, masana, munthu sangakhalemo mphindi zisanu. Njuchi zikakhala zamoyo zimakupiza mapiko kuziziritsa malesa awo, koma tsopano munalibe wokupiza. Loweruka pa siling'i panaoneka banga la chikasu. Telala analiona akusesa n'kuganiza kuti adzawauza amuna ake. Lamulungu anaiwala. Lolemba a Mpope analawirira ku ntchito, ndipo sukulu inali yotseka.

Kaphokoso anali atamasulidwa. Mazenera anali otsegula, malaya a manja aatali anali m'basiketi ya zochapa, ndipo analoledwanso kulowa kwa agogo ake. Telala ali pamakina ankamumva akulongolola m'menemo, kufotokoza za mnzake amene anameza batani. Anali atatsala pang'ono kumaliza mpendero wa siketi pamene mwana anaitana mokondwa:

"Amayi, bwerani mudzaone, denga la agogo likudontha uchi."

Anadzuka mpando n'kugwa kumbuyo kwake.

Banga lija linali litakula ngati thireyi, thabwa la siling'i litafufuma, ndipo pamsoko pake uchi unkatsika ngati ulusi, wonenepa, wonyezimira, kugwera pabedi. Fungo lake linali lokoma, koma pansi pake panali fungo lina limene Telala ankalidziwa bwino, la ovolosi ya amuna ake. Bambo anali atadzikokera okha m'mphepete mwa bedi. Anali atatchera supuni ya tiyi mpaka kudzaza, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masiku anayi nkhope yawo inali yowala. Dzanja lawo lamanzere linkanyamula supuniyo mosamala, pang'onopang'ono, kupita kwa mdzukulu wawo. Kaphokoso anali atatseka maso, kukamwa kuli yasa.

Telala anamenya dzanjalo. Sanalikankhe, analimenya ndi mphamvu zake zonse, kuti phaa. Supuni inauluka n'kukagunda khoma.

"Muli poizoni!"

Mawuwo anatuluka asanawaganize. Mwana anatsegula maso n'kuyamba kulira. Telala anamugwira chibwano, anamuyang'ana m'kamwa, anamununkhiza milomo, anamufunsa katatu ngati walawako. Sanalawe. Anamufunsa ngati agogo alawako, ndipo mwana anapukusa mutu, nati agogo amati ayambe iye. Anamutulutsa n'kukamusambitsa m'manja ndi sopo ngakhale sanakhudze kanthu, n'kumuuza kuti akhale pakhonde asasunthe.

Kenako anabwerera m'chipindamo. Bambo anali pomwe paja. Dzanja lawo linali pamwendo, pamwamba pake patayamba kufiira. Linali dzanja lokhalo limene linawatsalira, ndipo iye, mwana wawo, ndiye analimenya. Chibadwire bambo amenewa sanamukwezerepo dzanja ngakhale tsiku limodzi.

Anayang'ana siling'i yawo, imene anaikhoma okha. Anayang'ana uchi ukudontha. Kenako anamuyang'ana iye, ndipo Telala anaona kuti amvetsa zonse: za Lachinayi, za mpope, za kusamuka kuja.

Anagwada. Zonse zinatuluka mosokonekera, ngati zigamba zokhuthulidwa m'thumba. Anawauza za milomo yotupa, za mpweya wa likhweru, za jakisoni, za mawu a dokotala. Anawauza kuti kunalibe chimfine. Anawauza za njuchi ya m'nsapato, ndi za phazi lija lili m'mwamba. Anati anachita mantha. Anati pepani kambirimbiri.

Nkhalamba inamvetsera. Pamene anafika pa kubanika kwa mwana, diso lawo linatong'oka, ndipo anatembenukira ku zitsekerero za pazenera zija n'kuziyang'ana nthawi yaitali. Sabata yonse ankaitanira njuchi ndi tiyi wawo, mdzukulu wawo ali kuseri kwa khoma lomwelo, ndipo aliyense m'nyumbamo ankadziwa kupatula iwo.

Khosi linagwira ntchito kanthawi. Telala anadikira kutukwanidwa, ndipo akanakulandira ndi manja awiri.

"U... kana... ndiuza."

"Bambo, timaopa kuti..."

Anakweza dzanja lofiira lija kumuletsa. Anapuma, anameza malovu. Anagwira mkono wawo wakumanja, anaukweza pang'ono n'kuusiya ugwe pamwendo.

"Chafa... ndi ichi." Chala chinapita pamphumi n'kugogodapo kawiri. "Muno... ayi."

Panja Kaphokoso anali atasiya kulira, akufunsa ngati tsopano angasunthe. Bambo anatambasula dzanja kupita kuzenera, anatenga chitsekerero chimodzi, anathira tiyi wake pansi, n'kuchiika m'dzanja la Telala. Anatenga chachiwiri. Iye anangotchera manja mpaka zonse zisanu ndi chimodzi zitatha, kenako anadzuka kukatenga beseni loti atchere uchi.